Anadula Alamu Pachithunzi

Galimoto ya Adona itafika pa geti la kampani ya nyuzipepala, onyanyala ntchito onse anasiya kuimba. Amuna ankayang'ana matayala, akazi ankayang'ana wigi. Tijambuleni yekha ndiye anazyolika ngati wataya singano, koma musanamizidwe, anaona zonse: ndolo zatsopano, zikhadabo zopaka zofiira, ndi kadzanja kaja kokwezedwa ngati munthu akuingitsa ntchentche.

Adona anatsitsa galasi pang'ono. "Asisi, mwaswera?"

"Taswera padzuwa. Kaya inu a mumthunzi," anayankha Tijambuleni.

Galasi linakwera, mlonda anatsegula geti, galimoto n'kulowa. Fumbi lokha ndi limene linatsalira anthu.

Awiriwatu anayamwa bere limodzi. Tijambuleni ndiye wachisamba, Adona ndiye mzime. Dzina la Tijambuleni anampatsa ndi anthu a m'misewu, chifukwa kulikonse kumene ankadutsa ndi kamera yake pakhosi, ana ndi akulu omwe ankakuwa choncho. Anagwira ntchito ku kanyuzipepala ka m'tauniyo kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zinayamba kusuzumira. Sanakwatiwe. Ankakhala ndi amayi ake m'nyumba ya zipinda ziwiri, ya denga lodontha pakona.

Tsono chimene chinkamudya mumtima ndi ichi. Amatayala, mwamuna wa Adona, poyamba anabwera pakhomo paja kudzafunsira Tijambuleni. Nthawi imeneyo anali womata matayala m'mbali mwa msewu, manja bii, malaya onunkha labala. Tijambuleni anamuseka pamaso. "Ine ndizigona ndi fungo la chubu?" Munthu uja anachoka mwakachetechete. Atabweranso patapita zaka, anali ndi masitolo, malole, ndi mimba yotsogola. Sanayang'anenso wamkulu. Anatenga mzime, amene kale ankamutungira madzi osamba m'manja.

Ndiye ngati zimenezo sizinakwane, Amatayala anagula nyuzipepala. Munthu woti kuwerenga kwake n'kwa manambala a matayala! Anaigula monga mmene ena amagulira wotchi, kuti anthu aone.

Kale kanyuzi kameneka anthu ankakagula kuti adziwerenge okha. Munkakhala za mjigo umene wafa, za mlatho umene wagumuka, za amene wamangidwa poba mbuzi, uthenga wa maliro, ndi zigoli za mpira wa ana a sukulu. Ngakhale osadziwa kuwerenga ankagula, n'kupatsa adzukulu kuti awawerengere. Amatayala atalowa, anachotsa atolankhani oyenda m'makwalala, nati mafuta akudula. Tsamba la maliro anaikapo malonda a matayala. Za kukhoti anati zimakwiyitsa makasitomala. Nanga tsamba loyamba? Adona. Adona akudula riboni, Adona akupsompsona khanda la eni, Adona akugawa mabulangete. Amayi a mumsika anafika ponena kuti tomato wokulungidwa ndi nkhope ya Adona amachedwa kuola.

Ndipo wojambula zonsezo anali ndani? Mkulu wake. Kugwada pansi kuti mng'ono wako aoneke wamtali! Kumuuza kuti, "Mwetulirani, madamu," munthu amene unkamupukuta mamina!

Chimene chinautsa sitalaka n'chakuti Amatayala analamula kuti otsalawo akhale aganyu, oitanidwa akafunika, obwezedwa akapanda kufunika. Anthu anakana. Anatuluka n'kukhala pa geti, pansi pa kamtengo kopanda masamba okwanira.

Mtsogoleri wawo anali bambo Inki, mkulu woyendetsa makina osindikizira, amene manja ake sanayerepo chibadwire cha ana ake. Tsiku limenelo, fumbi la galimoto litatsika, bambo Inki anaimirira.

"Anzanga, kuimba kwatikwana. Bwanayu nyimbo sizimulowa, ali ndi makutu a labala. Ife ndife anthu a nyuzi, timenye ndi nyuzi. Mnzanga wosindikiza makadi a ukwati wati atibwereka makina ake. Titulutse pepala limodzi lokha, lathulathu. Tilembemo za mjigo, za maliro, ndi chimene tikukhalira padzuwa pano."

"Nanga patsogolo tiikapo chiyani?" anafunsa Kalembera, mtsikana wolemba nkhani amene anali ndi pakamwa ngati lumo. "Nkhope yanu, bambo Inki? Anthu ayesa ndi uthenga wa maliro."

Anthu anaseka. Bambo Inki anangopukusa mutu. "Pakufunika chithunzi choti munthu akachiona aime pamsewu."

Tijambuleni anasisita lamba wa kamera. Kenako anati, "Chilipo."

Chinalipodi. Miyezi ingapo m'mbuyomo anapita kunyumba yosungirako okalamba kukajambula mwambo wa mabulangete. Nkhalamba zinandandalikidwa pa mabenchi, aliyense bulangete pamiyendo, Adona pakati akumwetulira. Alendo atabalalika, Tijambuleni anabwerera kukatenga chivindikiro cha kamera chimene anaiwala pawindo. Anapeza mabulangete akusonkhanitsidwa. Omwewo ndi amene ankapita nawo kwina sabata yotsatira, ndipo omwewo ndi amene anali atagawidwa kale kusukulu ya ana osaona. Anabisala kuseri kwa lole yonyamula mabulangetewo n'kujambula kamodzi.

Madzulo a tsiku la msonkhanowo, anzake ali kalikiliki kulemba, Tijambuleni anakhala yekha pa kompyuta m'kachipinda ka wosindikiza makadi, pakati pa milu ya mapepala a maluwa ndi nkhunda. Anatsegula chithunzi chija.

Kumanzere kunali gogo wina atagwira ngodya ya bulangete ndi manja onse awiri. Pakati panali Adona akukoka ngodya inayo. Kumanja kunali Amatayala, ataima chotangadza, kukamwa yasa, mkono utatambasuka kuloza ku lole. Aliyense wa maso akanaona kuti wolamula ndi uyu, winayu ndi wotumidwa.

Tijambuleni anayang'ana alamu akewo. Kenako anayang'ana mng'ono wake: nsapato zazitali, diresi losoketsa kunja, mkanda wagolide umene ukanakhala pakhosi pa wina zinthu zikanayenda bwino. Ngakhale pokoka bulangete la nkhalamba, mwanayo ankaoneka bwino! Zimenezo ndiye zinamutsiriza.

Ojambula ali ndi kachitidwe kawo. Chithunzi amachidula m'mbali monga telala amadulira nsalu, ati kuti diso lisamwazike. Tijambuleni anagwira kamzere ka kumanja n'kuyamba kukakoka. Phewa la Amatayala linapita. Mimba inatenga nthawi, koma inapita. Mkono unapita. Pofuna kuchotsa dzanja lonse anaona kuti adula chigongono cha Adona, ndiye anaima pomwepo. M'mphepete munatsala kachala kamodzi, koloza.

Bambo Inki analowa akupukuta manja pa ovolosi. Anawerama, anayang'ana, anaimba kamluzu.

"Mayi inu! Ameneyutu ndi mng'ono wanu."

"Nkhani ilibe m'bale. Si inu mumatero?"

"Ndimatero. Nanga bwana anali kuti?"

"Sanalowe m'chithunzi."

"Tsoka ilo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka." Anakanda chibwano. "Mwaganiza bwino koma? Amayi anu ali moyo."

"Sindikizani, bambo Inki."

Pepala linatuluka m'mawa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu linali litatha. Anthu ankalandirana m'maminibasi. Ometa tsitsi analimata pagalasi. Za mjigo ndi za aganyu zinali kuseri, koma ndani anatembenuza? Tauni yonse inali pa Adona. "Taonani zikhadabozo, ngati kabawi!" "Kulanda nkhalamba, mayi wopaka milomo!" Tijambuleni anayenda mumsika tsiku limenelo osagula kanthu, kungomvetsera. Mawu aliwonse ankamutsika kukhosi ngati tiyi wa mkaka. Pa geti anamunyamula m'mwamba. Kalembera anati, "Asisi, inu ndinu mwamuna!"

Koma Amatayala sanalemere ndi tulo. Munthu amene anayamba ndi kumata machubu amadziwa kupeza pamene pakutuluka mpweya. Anaitana anyamata a pa koleji, anabwereka woyendetsa makina kwina, n'kutulutsa nyuzipepala yake. Patsogolo panali iye mwini, atavala malaya wamba, atagwada pamaso pa gogo uja, akumufunditsa mabulangete awiri. Pansi pake analemba kuti mtima wake wasweka, kuti iye ankapereka ndi dzanja lamanja osadziwa kuti m'nyumba mwake momwe muli dzanja lina lolanda, ndiponso kuti wachitapo kanthu monga bambo.

Anthu, mukuwadziwa anthu. Omwe aja ankatukwana dzulo anayamba kuti, "Koma bamboyu ndi wabwino, akazi ndi amene amawononga amuna." Ena anati onyanyalawo ndi anthu a njiru, alephera bwana n'kukagwira mkazi. Pa geti anthu anayamba kuchepa. Woyendetsa galimoto ya nyuzi analowa kukayambanso ntchito. Amayi osesa analowa. Wina anati akukatenga chipewa chimene anaiwala mkati, mpaka lero akuchifunabe.

Tijambuleni anafika kunyumba dzuwa likupendeka, n'kupeza lole ya matayala ikuchoka pakhomo. Pakhonde panali masutikesi, aakulu ndi aang'ono, onse a mtundu umodzi, achikopa chofewa. Ngakhale pa tsoka, maso ake anayamba awerengera masutikesiwo. Anthu oyandikana nawo anali atatulutsa mipando, ena akunamizira kusesa pabwalo posesedwa kale.

Amayi awo anali ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Wabwera wojambula! Lowa, udzajambulenso. Jambula ine, jambula denga lodonthali, udule bwinobwino anthu aone!"

"Amayi, ine ndinangogwira ntchito."

"Ntchito! Ine ndinabereka ana awiri kapena mphaka ndi khoswe? Kuyambira ali kakhanda umamutsina ndikatembenuka. Unkayesa sindikuona? Mwamuna unamukana wekha, pakhonde pomwe pano, ine ndikusenda mbatata apo. Unati akununkha. Lero wayamba kununkhira?"

"Musayambe zimenezo pamaso pa anthu."

"Anthu ati? Iwe wamuika mng'ono wako pamaso pa tauni yonse, ukuopa amayi a kuseriwa? Bwerani pafupi, anzanga, musavutike ndi tsache!"

Tijambuleni analowa msangamsanga. M'chipinda chake, pa bedi lake, panali Adona. Wigi anali atavula, ili pa msomali pamene pamakhala kamera. Kumutu kunali timangongo tosapesa, ngati kale ali pa sukulu. Sankalira. Pamiyendo pake panali pepala lija.

"Asisi, khalani pansi."

"Ndikhale pati? Bedi mwatenga."

"Ndiye imani." Adona anasalaza pepalalo ndi dzanja. "Ine sindikukana. Bulangete ndinakoka ndine. Gogo uja anandiyang'ana m'maso, mpaka lero ndimamuona ndikatsinzina. Ndikanatha kukana, sindinakane, ndinkaopa kubwerera m'chipinda chino. Ndiye ndabwereramo." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. Kenako anaika chikhadabo chofiira m'mphepete mwa chithunzi. "Koma tandiuzani. Chala ichi n'chandani?"

Tijambuleni anatembenukira ku wigi ija pa msomali.

"Chala chimayenda chokha? Mwini wake ali kuti?"

"Chithunzi chimafuna nkhope imodzi. Ndi mmene timagwirira ntchito."

"Ndiye pa nkhope ziwiri munasankha yanga." Adona anapinda pepala. "Mukudziwa chimene ananena pondikweza lole? Anati, 'Ukathokoze mkulu wako, wandichotsa bwino kuposa loya.' Akuti sitalaka ikatha akukwezani, mukhale mkulu wa zithunzi. Mwapambana, asisi. Mwamuna uja ngwanu tsopano, ndi fungo lake lomwe."

Mawu amenewo ndi amene anamulasa. Kutukwana kwa amayi anakuzolowera, kunali ngati mvula pa malata. Koma kuti Amatayala akumuthokoza! Kuti iye, ndi manja ake, anachapa munthu amene anapha tsamba la maliro, amene anasandutsa anzake aganyu, amene anabwera pakhomo pano kachiwiri osamupatsa ngakhale moni!

Usiku umenewo Tijambuleni anayala mphasa pansi, pakati pa masutikesi. Mng'ono wake anagona pa bedi.

Kutacha Tijambuleni anavala, anachotsa wigi pa msomali n'kuiponya pa sutikesi, anatenga kamera. Ali pakhomo anamva, "Ndidikireni." Adona anatuluka atavala diresi la Tijambuleni, lobiriwira lija lakale, ati zake zonse n'zamakwinya. Kumutu anamanga kampango ka amayi.

"Mukupita kuti?"

"Kumene mukupita inuko. Ndikufuna ndimuone mwini chala."

Amayi anakuwa ali m'khitchini, "Mukaphane bwino, koma mubwere ndi shuga!"

Pa geti panatsala anthu owerengeka. Ataona Adona, Kalembera anadzuka. "Mwabwera kudzalanda chiyani kuno, madamu? Mabulangete tilibe."

"Khala pansi, iwe," anatero Tijambuleni. Anayatsa kamera, anafufuza chithunzi chija chosadula, n'kuipereka kwa bambo Inki. Mkuluyo anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, anaiyandikizanso. Ena anaunjikana kumbuyo kwake. Amatayala anali pamenepo yense, mimba, kukamwa, mkono, mpaka chala.

"Munati sanalowe m'chithunzi," anatero bambo Inki.

"Ndinamutulutsa."

"Chifukwa?"

Tijambuleni anayang'ana mng'ono wake, n'kuyang'ana kumbali. Kalembera anati, "Hii!" n'kudzigwira pakamwa.

Bambo Inki anakhala pa benchi ngati munthu wotula katundu. "Ife tatuluka muja chifukwa bwana amadula nkhani kuti zimukomere. Ndiye pepala lathu loyamba, loyambirira lenileni, tachita zomwezo. Anthu alowa mkati chifukwa cha lumo lanu, mayi."

"Sindikizani chonse."

"N'chapafupi kunena. Anthu adya kale, akhuta. Tikawapatsa ichi afunsa kuti, nanga poyamba munabisiranji? Ati tachita kumumatapo bwanayo ndi kompyuta." Anapukuta manja, ngakhale panalibe chopukuta. "Njira ndi imodzi. Tiika ziwiri, chodula ndi chathunthu, moyandikana. Pansi tilemba kuti anadula ndani. Osati 'zinalakwika.' Dzina."

"Bambo Inki, ndiye ndani adzandikhulupirirenso ndi kamera?"

"Mwina palibe. Nanga pepalali alikhulupirire chifukwa chiyani, ngati ife tibisa zathu? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Kuseri kwa mpanda makina a Amatayala anali kulira, akusindikiza nyuzi ya anyamata a pa koleji. Mkati muja munali mpando umene ankati amusungira, wa mkulu wa zithunzi, mwina ndi fani yomwe. Tijambuleni anamvetsera kulirako kanthawi.

"Lembani," anatero. "Koma mulembe dzina lenileni, osati la m'misewuli."

"Nanenso mundilembe," anatero Adona. "Ndikuuzani kumene mabulangete aja anayenda, malo ndi malo. Ndinkawapinda ndine."

Kalembera, yemwe uja wa pakamwa ngati lumo, anali atatulutsa kale cholembera. Anasuntha pa benchi kuti Adona akhale. "Khalani apa, asisi. Pepani ndi zija. Mwamwa tiyi?" Wina anabweretsa kapu. Wina anathyola katoni n'kumugwirira kumutu kuti dzuwa lisamuotche. Bambo Inki amene, munthu wosaseka ndi akazi, anamufunsa ngati benchi silikumupweteka.

Tijambuleni anaima potero, padzuwa, wopanda kapu. Masiku onsewa pa geti limeneli, palibe anamugwirirapo katoni.

"Tijambuleni!" anakuwa Kalembera. "Tijambuleni limodzi ndi mlendo wathu, chikhale cha tsamba lakuseri!"

Anakweza kamera. M'kagalasi munaoneka bambo Inki ndi manja ake akuda, Kalembera, otsala aja, ndi mzime pakati, wopanda wigi, wopanda ndolo, atavala diresi lobiriwira. Diresi limene pa mwini wake linkangolendewera ngati thumba, pa iyeyu linakhala ngati anamuyeza ndi telala.

Tijambuleni anachotsa diso pa diresilo. Anabwerera m'mbuyo, anabwereranso, mpaka onse analowa, ndi mapazi omwe. Anajambula.